Matola a ku Joni ndi Dzanja la Vitalis

Johannesburg
Lachiwiri, 15 Disembala 1998

Okondedwa achemwali a Dainess,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, inu ndi alamu a Fraser pamodzi ndi ana. Nanga amayi, miyendo ija ikuwalola kufika kumunda? Ndikhulupirira kuti mvula yagwa bwino ku Likoswe ndipo mwayamba kupalira. Ine kuno ndilipo, koma ndikanena kuti ndili bwino ndikhala ndikukunamizani. Ndikulemba nditakhala chopendekera chifukwa nthiti ziwiri za kumanzere zinathyoka, ndipo ndikatsokomola misozi imachita kutuluka yokha.

Musayambe kulira, ine ndichira. Amene ali pa vuto ndi Vitalis, mnzanga uja wa ku Njuli, telala, mwamuna wa a Veronika. Ali m'chipatala kuyambira Loweruka. Dzanja lake lamanja linaphwanyika, ndipo madokotala sanagwirizane ngati alisiye kapena alidule. Akuti aona pofika Lachinayi. Inu mukudziwa kuti ana atatu aja ku Njuli amadya za dzanja limeneli.

Kalatayi muiwerenge nokha kaye, musafulumire kuwawerengera amayi. Ndifotokoza zonse osabisa, poti pakamwa pangapa, pomwe mwakhala mukudandaula napo kuyambira ndili mwana, ndi pomwe pachita zimenezi.

Abwana anga amapita ku nyanja yamchere Disembala aliyense. Chaka ndi chaka ine ndimawalongedzera katundu m'galimoto, mipando yopinda, maambulera, mpaka mbale ya galu, kenako n'kutsala ndikuthirira maluwa. Chaka chino anandipatsa tchuthi cha masabata atatu. Ndiye tsiku lina mu Ogasiti ndinamufunsa Vitalis kuti aise, ifeyo tinalakwanji kuti tikhale kuno zaka zonsezi osaiona nyanja imeneyi, galu wa abwana ataiona kasanu? Iye anaseka, akuti holide ndi ya azungu, ife ulendo wathu umakhala wa maliro kapena ukwati basi. Koma Lamulungu lotsatira anabwera kwanga mapu ali kukhwapa.

Tinasonkherana n'kugula kagalimoto kakalekale ka Datsun kwa mkulu wina wa galaja. Mukanakaona mukanaseka. Chitseko chakumbuyo chinali chomanga ndi waya, ndipo kuti kalire kankafuna kukankha. Vitalis anasokanso mipando yonse, n'kusoka ndi makatani kuti tizigona momwemo. Miyezi itatu, Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, ntchito inali yomweyo.

Njira tinaijambula pa mapu ndi cholembera chofiira. Kuchoka Joni kupita ku Nelspruit, kulowa Mozambiki pa Komatipoort, Maputo, kenako kutsata gombe mpaka ku Inhambane kuti tikasambe m'madzi amchere ngati anthu. Tikakhuta nyanja tikwere kumpoto, tiwoloke Zambezi pa pantoni, chombo chowolotsa magalimoto, tikaone phiri la Namuli kumene makolo athu anachokera, poti nkhondo inatha ndipo anthu akudutsa. Pomaliza tilowe kwathu pa Muloza, tidzakutulukireni pa Khrisimasi tikuliza hutala. N'chifukwa chake sindinakulembereni za ulendowu. Tinkafuna kukudzidzimutsani.

Unali ulendo wa amphawi, achemwali, ndipo tinaukonza mwaumphawi. Za nyumba zogona alendo tinati ayi, tizikapempha kuimika galimoto pa mishoni kapena pomwetsera petulo. Tinagula chitofu cha parafini, ufa, nyemba, nsomba za m'chitini, shuga, zigubu za madzi, ndi matayala awiri ogwirapo kale ntchito. Vitalis anasoka malaya a tizidutswa ta nsalu totsala kuntchito kwake, akuti tikasinthanitse ndi nsomba kwa asodzi. Zonse zinalongosoka kupatula petulo. Tinaona kuti atithera tisanafike ndi pa Zambezi pomwe.

Apa ndi pamene ine ndinatsegula pakamwa. Ndinati vuto lake lili pati? Kwathu galimoto siyenda mipando ili yopanda anthu. Kuchoka ku Limbe kufika pa Njuli ngakhale galimoto ya abusa imachita matola, ndipo palibe amene amakwiya. Nyengo ino Mashangani opita kwawo ku Maputo ali mbwee, ndiye titenge atatu kumbuyo, wachinayi pamiyendo, petulo agule okha.

Vitalis anakana. Akuti kuno si ku Limbe, msewu uliwonse uli ndi eni ake, anthu a maminibasi amene kuno amati mateksi, ndipo wotenga okwera awo amamuyesa wakuba. Anandiuza kuti chaka chatha anaona ndi maso ake munthu akuwomberedwa pafupi ndi sitolo imene amasokera, pa nkhani yomweyi yolimbirana okwera, masanasana, ndipo magazi anachita kutsuka ndi paipi. Ine m'malo momva ndinamunyoza. Ndinati makina akusandutsa wamantha, Mlomwe wa mtundu wanji wothawa oitanira basi? Tinakangana mpaka ndinamukankha, anakagwera pa bedi, mapu aja n'kung'ambika pakati. Sabata yathunthu osalankhulana.

Anabwera yekha, mapu atamata ndi selotepi. Anati chabwino mbale wanga, titenge anthu, koma kutali ndi siteji ya mateksi, makamaka titatuluka m'tauni. Ine ndinavomera pakamwa pokha. Mumtima ndinkati kutali ndi siteji anthu ake tikawapeza kuti?

Loweruka m'mawa, dzuwa litakwera pang'ono, tinanyamuka. Woyendetsa anali Vitalis chifukwa laisensi ali nayo ndi iye. Titafika m'tauni ndinamuuza kuti akhote kuseri kwa siteji imene mateksi a ku Nelspruit amakwezera, ndikunama kuti ndikufuna kugula buledi. Anthu anali pamzere ndi zikwama zawo, atatopa ndi kudikira. Ndinangotsika n'kuyamba kuitanira monga amachitira ku Limbe, Nelspruit, Maputo, atatu okha tinyamuke pompano, uku ndikumenya denga la galimoto. Vitalis anandikuwira kuti ndilowe msanga. Bambo wina wachikulire wosoka nsapato pakhonde anandikodola n'kundiuza m'Chizulu kuti ndichoke. Ine ndinamuseka, ndimayesa akufuna kukwera ulere.

Amayi awiri anabwera, chikwama chimodzi ndinachilowetsa kale. Kenako ndinangomva likhweru. Minibasi ina inatitsekera kutsogolo, ina kumbuyo. Amayi aja anazimiririka, chikwama n'kuchisiya. Anatsika amuna oposa khumi, ena ndi zikoti, ena ndi zibonga, wina ndi sipanala ya matayala. Sanafunse kanthu. Chibonga choyamba chinandipeza m'nthiti, mpweya unathera pomwepo, ndinagwa chafufumimba. Wina anandiponda pakhosi, wina anandimenya theche pakamwa, dzino lakutsogolo ndinalilavula pamodzi ndi magazi. Onse ankakuwa kuti makwerekwere, dzina limene amatinyoza nalo ife alendo.

Wa sipanala uja anaswa galasi lakutsogolo, magalasi n'kumuwazikira Vitalis kumaso. Anamukoka ndi kolala kumutulutsa. Onse atatembenukira kwa iye, ine ndinakwawa n'kulowa pansi pa minibasi, ndinatulukira mbali inayo, n'kukalowa pansi pa tebulo la mayi wina wogulitsa zipatso. Mayiyo anangogwetsa nsalu ya patebulo n'kundiponda pamsana kuti ndisagwedezeke. Ndinathawa, achemwali. Ndalemba kuti muone ndi maso anu, musadzamve kwa wina. Ine amene ndinkanena mnzanga kuti ndi wamantha, ndinamusiya yekha.

Nsalu ija inali ndi chibowo, ndiye zonse ndinaziona. Mkulu wawo anali bambo wonenepa wa jekete lachikopa, mfuti ili m'chiuno, wolankhula mosakweza mawu. Anamufunsa Vitalis kuti woitanira uja wapita kuti. Vitalis anandiona ndikukwawa, ndikudziwa kuti anandiona, chifukwa maso athu anakumana. Koma anayankha kuti sakumudziwa, ndi munthu wongokwera nawo. Anamukwapula zikoti mpaka malaya anang'ambika, msana wonse mizere ya magazi. Anamufunsanso, iye anayankha chimodzimodzi.

Ndiye anachita zimene tonse tinaphunzitsidwa kwathu. Anagwada pansi n'kuyamba kuomba m'manja, pepani bambo, talakwa, ndife alendo, sitimadziwa malamulo a kuno. Inu mukudziwa kuti kwathu munthu akagwada n'kuomba m'manja, ngakhale wakuba mbuzi, dzanja lomumenya limabwerera. Kuno anangoseka, ena n'kumamutsanzira kuombako. Poona kuti sizikuthandiza, anawauza kuti iye si dalaivala wa matola, ndi telala. Anatulutsa tepi yoyezera m'thumba, n'kuwatambasulira zala kuti aone zipsera za singano. Ankayesa kuti akaona kuti ndi munthu wa ntchito ina amumvera chisoni.

Wa jekete uja anagwira dzanjalo n'kulitembenuza bwinobwino ngati akufuna kuligula. Kenako anati ngati ndi telala, apite azikasoka akukumbukira msewu wa eni ake. Anthu awiri anamugwira mkono n'kuika dzanja pa mphuthu ya chitseko cha dalaivala. Wa jekete yemweyo ndi amene anamenyetsa chitseko. Katatu, achemwali. Koyamba Vitalis anakuwa kuitana amayi ake m'Chilomwe, chimene sindinamumvepo akulankhula chichokere kusukulu. Kachiwiri ndinamva mafupa. Kachitatu sanalirenso, mutu unangogwera pachifuwa. Ine pansi pa tebulo ndinaluma mkono wanga kuti ndisakuwe, ndipo mano anga akuonekabe pamenepo.

Atatha izo anatenga chigubu cha petulo wathu yemwe, anathira m'kati mwa galimoto n'kuyatsa. Zonse zinapsa. Ufa, chitofu, mipando ija anasoka, madiresi awiri a a Veronika, mayunifolomu a ana ake, bulangete la amayi, chitenje chanu, ndi pasipoti ya Vitalis imene inali m'kabokosi ka kutsogolo. Zitini za nsomba zinkaphulika chimodzichimodzi anthu n'kumathawa. Eni msewu aja anabwerera kukakweza anthu m'maminibasi awo ngati palibe chachitika.

Apolisi anafika moto utazilala. Funso lawo loyamba silinali lakuti wakumenyani ndani, koma mapepala anu ali kuti. Pa anthu onse anadzaza pamenepo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaona kanthu. Amene anatithandiza ndi bambo wa nsapato uja ndinamuseka, pamodzi ndi mayi wa zipatso. Anaimitsa pikapu ya munthu wina, tinamunyamula Vitalis n'kumugoneka kumbuyo. Dzanja ndinalikulunga ndi malaya anga. Njira yonse ndinaligwirizira, ndipo m'kati munkamveka ngati makoko a mtedza.

Kuchipatala tinapeza mzere wa ovulala, ena obayidwa, ena owomberedwa. Tinakhala pa benchi mpaka dzuwa kupendeka. Adokotala atamuona anapukusa mutu, akuti mafupa aphwanyika malo ambiri ndipo magazi sakufika ku zala. Anamupanga opaleshoni tsiku lomwelo. Dzulo ndinaona zala ziwiri zitayamba kuda.

Mkwiyo umene ndili nawo sindingathe kuulemba. Dzulo lomwelo nditachoka kuchipatala ndinatenga chikwanje cha abwana chodulira mpanda, ndinachinola, ndinati ndikamupeze wa jekete uja ndimudule dzanja lomwelo anagwira nalo chitseko, zikatero andiwombere. Ndinafika pageti pokha. Nthiti zinandigwira, ndinakhala pansi n'kulira ngati mwana, chikwanje chili pamiyendo. Ngakhale ndikanafika, iye akanandifunsa kuti woitana anthu anali ndani, ndikanayankha chiyani?

Chimene chikundipha kwambiri n'chakuti Vitalis sanandinenepo ngakhale kamodzi. Nditalowa mu wodi Lamulungu, choyamba anafunsa za nthiti zanga. Ndinagwada pambali pa bedi n'kumuuza kuti anditukwane, andimenye, achite chilichonse. Iye anandiyang'ana n'kufunsa kuti aise, ndikumenye ndi chiyani? Anaseka pang'ono, ine ndinatuluka panja.

Wandipempha kuti ndiwalembere a Veronika kuti ali bwino, ntchito yangochuluka, Khrisimasi ino sabwera. Akuti dzanja likachira adzafotokoza yekha. Ndamuuza kuti ndamva, koma bodza limeneli dzanja langa likukana kulemba. Ndanama kokwanira, bodza la buledi lija ndi limene latifikitsa pano.

Tsono pempho langa ndi limodzi. Mupite ku Njuli kwa a Veronika, inuyo ndi miyendo yanu. Musatume munthu, musapereke kalatayi kwa wa njinga. Mutenge atsibweni a Francisko kuti nkhani ikafike mwaulemu, mukakhale pansi, mukawauze zonse monga ndalembera. Musakachotse za ine. Mukanene kuti mwamuna wawo anakana, wokakamiza ndinali ine, woitanira ndinali ine, wothawa ndinali ine. Mufulumire, chifukwa anyamata a ku Chiradzulu ayamba kale kukwera mabasi a Khrisimasi, ndipo nkhaniyi ikafika pa msika wa Njuli itapindika. Ena akanena kuti wafa, ena akanena kuti anagwidwa akuba. Mayi aja asamvere pa msika.

Mukawauzenso kuti ine ndikadya, ana awo adya. Sindikunena kuti andikhululukire. Akafuna kutukwana muwasiye atukwane, inu musandiikire kumbuyo.

Ndaima kaye pano. Sinditumiza mpaka nditamva za madokotala.

Lachinayi, 17 Disembala

Achemwali, alidula. Sanadikire n'komwe Lachinayi. Dzulo masana thupi linatentha kwambiri, kuda kuja kunayamba kukwera, ndiye anati akachedwa ataya mkono wonse kapena munthu yemwe. Adula pamwamba pang'ono pa mfundo, pamene timavala wotchi.

Ndamupeza lero atakhala tsonga akuyang'ana bandeji. Akuti zala zikumuyabwa, chala chimene amavala chitsulo chokankhira singano ndiye kwambiri, koma akati akande palibe pokanda. Anesi amuuza kuti zimatero. Kenako anandifunsa ngati ndinaonapo telala wodula nsalu ndi lamanzere. Ndinati sindinamuone. Anati nayenso sanamuone, koma makina amapalasa ndi miyendo, ndipo miyendo ali nayo yonse iwiri. Sindikudziwa ngati amanena zoona kapena amangofuna kuti ine ndisiye kulira.

Ndinaulula kuti kalata ya bodza ija sindinalembe, ndalemba ino. Anati ndimuwerengere. Ndinawerenga mpaka pamene ndalemba kuti ndinathawa. Anandiimitsa pamenepo, akuti ndikanapanda kuthawa bwenzi manja odulidwa ali awiri, nanga madzi akanamamumwetsa ndani? Ndinafunsa ngati ndifufute. Anati ayi, zisiye, zinachitikadi. Za bodza anati palibenso chobisa, munthu sungafike pakhomo dzanja lili m'thumba mpaka kalekale.

Wawonjezera mawu awiri oti mukanene kwa a Veronika. Asalire ngati maliro, anthu angasonkhane pachabe. Ndipo makina ake akale amene ali kunyumbako asagulitse, aziwathira mafuta. Za kubwera kwathu sindinganene tsiku, poti pasipoti yake inapsa ndipo tiyenera kuyamba tayenda m'maofesi akatuluka. Ndidzabwera naye ndekha pa basi, ndidzamufikitsa pakhomo pake ndisanafike kwathu.

Amayi muwauze pang'onopang'ono mukabwerako ku Njuli, muyambe ndi kuti ndili moyo. Mundiperekere moni kwa iwo, kwa atsibweni a Francisko ndi akazi awo, kwa alamu a Fraser, kwa azakhali a ku Mbombwe, ndi kwa ana nonse pakhomopo. Muwauze ana kuti atsibweni awo chaka chino sanatumize kanthu. Mutipempherere, makamaka mnzangayu.

Ndine mlongo wanu wosamva,
Stanford

Zokhotakhota zili m'munsimu ndi dzina la Vitalis. Akuti a Veronika sakakhulupirira kuti ali moyo akapanda kuona cholembedwa ndi iye mwini, ndiye mukawaonetse. Walemba ndi lamanzere, ine nditagwira pepala pa bondo lake. Cholembera chinagwa kawiri. Nditafuna kumugwira dzanja kuti ndimuthandize, wakana.